Santorini: Mabwinja, Mchenga ndi Vinyo Zochokera ku Moto Umodzi

M'nkhani yathu ya lero tikutengani ulendo wa kutali, ku dziko la Greece, kumene kuli chilumba china chaching'ono chotchedwa Santorini. Anthu a m'maiko osiyanasiyana amakhamukira kumeneko kukaona zinthu zitatu: mabwinja a mzinda wakalekale, magombe a mchenga wakuda, ndiponso minda ya mphesa imene imatulutsa vinyo wotchuka. Amene amangomva mbiri yake angayese kuti zitatuzi n'zosiyana, ndipo zidangokumana mwamwayi pa malo amodzi. Koma lero tifuna kukusonyezani kuti zonsezi zidachokera ku chinthu chimodzi, ndicho phiri la moto limene lidaphulika zaka zoposa 3,500 zapitazo, ndipo mpaka lero silidazimiretu.

Tiyambe ndi kumene chilumbachi chili. Santorini ali m'nyanja ya Aegean, m'gulu la zilumba zotchedwa Cyclades, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku mtunda waukulu wa dziko la Greece, ndiponso makilomita oposa 100 kumpoto kwa chilumba cha Crete. Anthu okhala pamenepo alipo pafupifupi 15,000. Dzina lake la boma ndi Thira, ndipo m'mabuku a mbiri yakale limalembedwa kuti Thera. Dzina lakuti Santorini lidabwera ndi anthu a ku Venice amene adalamulira zilumbazi kuyambira cha m'ma 1207, ndipo lidachokera ku dzina la Irene Woyera. Wochokera ku Athens amafika pa ndege ola limodzi lisanathe, koma wokwera sitima ya pamadzi pa doko la Piraeus amayenda maola asanu mpaka asanu ndi atatu, malinga ndi liwiro la sitimayo.

Wofuna kumvetsa bwino chilumbachi afike pa sitima. Sitimayo ikamayandikira imalowa m'kanyanja kozungulira ngati mbiya, ndipo mlendo akakweza maso amaona matanthwe oima njo, otalika mpaka mamita 300, okhala ndi mizeremizere yakuda, yofiira ndi yotuwa. Pamwamba penipeni pa matanthwewo pali nyumba zoyera mbee, zothithikana m'mphepete mwa phompho. Tsono dziwani kuti madzi amene sitimayo ikuyandamapo ali m'kamwa mwenimweni mwa phiri la moto. Phirilo litakhuthula zonse zimene zidali m'mimba mwake, pakati pake padagwera m'kati, nyanja n'kulowamo. Penapake madziwo ndi akuya mamita pafupifupi 400. Chilumba chimene tikuchionachi ndi mkombero wotsala wa phirilo, ndipo mizere ya m'matanthwe ija ndi phulusa ndi chiphalaphala zimene zidasanjikizana pa kuphulika kosiyanasiyana.

Kuphulika kwakukulu kumene tikunenaku kudachitika cha m'ma 1600 Khristu asanabadwe. Akatswiri akukanganabe za chaka chenicheni, pakuti ena amati kudachitika zaka makumi angapo pambuyo pake. Chimene chidathandiza kwambiri pa kuwerengerako ndi nthambi ya mtengo wa azitona imene idapezeka itakwiririka m'phulusa, ndipo zotsatira za kupima kwake zidalengezedwa m'chaka cha 2006. Kuphulikako kudali kumodzi mwa kuphulika kwakukulu zedi kumene anthu adakuonapo. Phulusa ndi miyala yopepuka, imene imayandama pamadzi chifukwa cha timabowo take, zidakwirira chilumba chonse, penapake mpaka kuya kwa mamita 60. Phulusa lina lidauluzika mpaka ku Crete ndi ku dziko limene lero ndi Turkey.

Pansi pa phulusalo padagona mzinda. Kwa zaka zambirimbiri alimi ankalima pamwamba pake osadziwa kanthu. Chizindikiro choyamba chidaoneka m'zaka za m'ma 1860, pamene anthu ankakumba dothi la phulusalo kuti likagwire ntchito yomanga pa ngalande ya Suez ku Egypt, pakuti dothilo likasakanizidwa ndi laimu limalimba ngakhale m'madzi. Okumbawo adapeza zipupa za nyumba zakale pa kachilumba koyandikana nako ka Therasia. Koma ntchito yaikulu idayamba mu 1967, pamene katswiri wa mbiri yakale wa ku Greece, Spyridon Marinatos, adayamba kufukula pafupi ndi mudzi wa Akrotiri kumwera kwa chilumbachi. Iye adagwira ntchitoyo mpaka imfa yake, imene idamupeza pamalo pomwepo mu 1974, ndipo Christos Doumas ndiye adaipitiriza.

Zimene zidavundukuka zidadabwitsa dziko lonse. Padapezeka misewu, mabwalo, ndi nyumba zosanja, zina zosanjikiza kawiri, zina katatu, makwerero ake amiyala ali m'malo mwake. Pansi pa misewu padali ngalande zochotsera madzi oipa, ndipo m'nyumba ina chimbudzi chidali m'chipinda chapamwamba, cholumikizidwa ku ngalandeyo ndi mipope yadothi. M'zipinda zosungiramo zakudya mudali mitsuko ikuluikulu, ina ikadali ndi zotsalira za barele ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Mipando ndi mabedi amatabwa zidaola kalekale, koma zidasiya mphako m'phulusa louma. Akatswiri adathira pulasitala m'mphakozo, ndipo atachotsa phulusa padatuluka chifanizo chenicheni cha bedi ndi tebulo la masiku amenewo.

Chokoma koposa ndi zithunzi zojambulidwa pa zipupa. Pali mnyamata msodzi atanyamula mipukutu ya nsomba m'manja onse awiri. Pali ana awiri akuponyana nkhonya, akazi akuthyola maluwa a safironi, anyani obiriwira ngati thambo akukwera miyala, ndiponso anamzeze akuuluka pamwamba pa maluwa. Palinso chithunzi chachitali cha zombo zikuyenda kuchokera ku mzinda wina kunka ku unzake, chimene chikusonyeza kuti awa adali anthu a malonda a panyanja. Zina mwa zithunzizi zikusungidwa ku nyumba yosungiramo zakale ya dziko lonse mu Athens, zina zili ku Fira, likulu la chilumbachi. Mabwinja eni akewo ali pansi pa denga lalikulu. Denga lina lidagwa mu 2005 n'kupha mlendo mmodzi, kotero kuti malowo adatsekedwa mpaka 2012.

Koma omvera athu, pali chinthu chimodzi chimene ofukulawo sadachipeze, ndicho mafupa a anthu ophedwa ndi kuphulikako. Ku Pompeii, mzinda wa ku Italy umene udakwiririka ndi phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, mitembo idapezeka yambiri m'nyumba ndi m'misewu. Ku Akrotiri, m'mbali zimene zafukulidwa, mulibe. Ngakhale zinthu zagolide n'zosowa. Chodziwika kwambiri ndi kafano kamodzi ka mbuzi ya m'mapiri kamene kadapezeka mu 1999. Izi zikutanthauza kuti eni mzindawo adachoka moto usanafike, atatenga chuma chawo. Zizindikiro zikusonyeza kuti poyamba kudabwera chivomezi chimene chidagwetsa zipupa. Anthu adabwerera, nayamba kuchotsa zigumukire ndi kutulutsa katundu. Mabedi ena adapezeka ataunjikidwa panja. Kenaka phulusa loyamba lopyapyala litayamba kugwa, adasiya zonse nachoka. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Phiri lidawatsina khutu anthu amenewa, ndipo iwo adamva.

Marinatos ankakhulupirira kuti kuphulikaku ndiko kudagwetsa ufumu wotukuka wa ku Crete, ndipo adalemba maganizo amenewa mu 1939. Lero akatswiri ambiri savomereza kotheratu, chifukwa nyumba zachifumu za ku Crete zidaonongeka cha m'ma 1450 Khristu asanabadwe, patapita mibadwo ingapo. Enanso amagwirizanitsa chilumbachi ndi nthano ya Plato yonena za dziko la Atlantis limene lidamira m'nyanja, koma imeneyo ndi nthano chabe, ndipo mabwinjawo sakusowa nthano kuti akhale odabwitsa.

Patapita zaka mazana angapo anthu adabweranso. Agiriki a fuko la Dorian adamanga mzinda wina pa phiri la Mesa Vouno, phiri la mwala wolimba limene lidalipo kale moto usanabwere. Mabwinja a mzinda umenewu, wotchedwa Thera Wakale, adafukulidwa ndi katswiri wa ku Germany, Friedrich Hiller von Gaertringen, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mlendo wolimba miyendo akhoza kukwerako kukaona msika, akachisi ndi bwalo la masewero. Wolemba mbiri Herodotus akusimba kuti nthawi ina mvula idakana pachilumbachi kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mitengo n'kuuma, kotero kuti anthu ena adatumizidwa kukafuna malo ku Africa. Iwowa ndiwo adamanga mzinda wa Cyrene ku Libya cha m'ma 631 Khristu asanabadwe. Owerenga Baibulo akuudziwa mzinda umenewu, pakuti ndiko kwawo kwa Simoni wa ku Kurene amene adasenzetsedwa mtanda wa Yesu. Musaiwale nkhani ya chilalayi, chifukwa tibwereranso ku vuto la madzi.

Tsopano titsikire ku gombe. Kumadzulo kuli matanthwe aja, koma kum'mawa ndi kumwera dziko limatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kunyanja. Kumeneko kuli magombe a Kamari ndi Perissa, amene ali uku ndi uku kwa phiri la Mesa Vouno. Mchenga wake ndi wakuda bii, chifukwa ndi chiphalaphala chouma chimene mafunde akhala akuchipera kwa zaka zikwizikwi. Pafupi ndi Akrotiri pali gombe lofiira, lozingidwa ndi thanthwe la mtundu wa katondo, ndipo kufiirako n'chifukwa cha chitsulo chimene chili m'miyalayo. Mlendo achenjere ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mchenga wakuda umamwa dzuwa, ndipo masana a chilimwe umawotcha mapazi ngati phale la pamoto, kotero nsapato n'zofunika. Chachiwiri, thanthwe la ku gombe lofiira ndi lofumbutuka ndipo miyala imagwa kawirikawiri. Zikwangwani zochenjeza zimene zili pamenepo sizidaikidwe mwamasewera.

Tifike tsono pa vinyo, pamene nzeru za mlimi zikuonekera. Mukadaona dothi la ku Santorini mukadati palibe chingamere. Ndi phulusa ndi timiyala basi, lopanda manyowa, lopanda dongo. Mvula imagwa yochepa, yosafika mamilimita 400 pa chaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa m'nyengo yozizira. M'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumpoto, yotchedwa meltemi, imene imanyamula mchenga n'kumakwapula nawo zomera. Mitsinje kulibe. Nanga mpesa umakhala bwanji ndi moyo?

Yankho loyamba lili m'timiyala topepuka tija. Timabowo take timamwa madzi a mvula n'kuwasunga, ndiponso usiku chinyezi chochokera kunyanja chimatera pansi ngati mame, dothi n'kuchimwa. Yankho lachiwiri lili m'manja mwa mlimi. M'malo ambiri mpesa amaukweza pa mitengo ndi mawaya, koma kuno mlimi amatenga nthambi zanthete n'kuzipota mozungulira pansi pomwepo, chaka ndi chaka, mpaka mpesawo ukhale ngati nkhata yaikulu kapena dengu lopanda tsinde. Eni ake amati kouloura. Mphesa zimalendewera m'kati mwa nkhatayo, masamba n'kuphimba pamwamba, kotero kuti mphepo ndi dzuwa sizizifikira. Mipesayo imabzalidwa motalikirana kuti isalimbirane madzi. Ntchito yonse ndi ya manja, ndipo pokolola, m'mwezi wa Ogasiti, munthu amagwira chogwada kapena chowerama, dzuwa lili pamsana.

Phulusa lomwelo lidapulumutsa mipesayi ku mliri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1860, kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamadya mizu ya mpesa, kadaononga minda ya ku France ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya. Alimi adachita kuzula minda yawo n'kumezanitsa mipesa yawo pa mizu yochokera ku America, imene kachilomboko sikaipha. Koma kachilomboka sikakhala m'dothi la mchenga ndi phulusa lopanda dongo, choncho ku Santorini sikadakhazikike. Mpaka lero mipesa ya kumeneko ili pa mizu yakeyake. Nkhata ikakalamba mlimi amaidula pansi, muzu womwewo n'kuphukanso, kotero kuti mizu ina yakhala m'nthaka zaka mazana angapo.

Mtundu wa mphesa umene umalimidwa kwambiri ndi Assyrtiko, ndipo pali inanso iwiri yoyera, Athiri ndi Aidani. Vinyo wa Assyrtiko ndi woyera, wowawasa bwino, ndipo omudziwa amati amamveka kamchere. Palinso vinyo wotsekemera wotchedwa Vinsanto, amene amapangidwa ndi mphesa zoyanikidwa padzuwa pafupifupi masabata awiri, kenaka n'kusungidwa m'migolo kwa zaka zosachepera ziwiri. M'zaka za m'ma 1800 zombo za pachilumbachi zinkanyamula vinyo wambiri kunka naye ku Russia, kumene wina ankagwira ntchito pa mwambo wa Ukaristia m'matchalitchi a Orthodox. Alimi ali ndi bungwe lawo logulitsira pamodzi, Santo Wines, limene lidakhazikitsidwa mu 1947. M'dothi lomweli mumameranso timatimati tating'ono tokoma kwambiri, ndi mtundu wa nyemba wotchedwa fava, womwe uja udapezeka m'mitsuko ya ku Akrotiri.

Kodi phirilo lidafa? Iyayi. Pakati pa kanyanja kaja pali tizilumba tiwiri takuda, Palea Kameni ndi Nea Kameni, timene tidachita kutumphuka m'madzi chifukwa cha chiphalaphala. Nea Kameni adayamba kuoneka mu 1707, ndipo adaphulika komaliza mu 1950. Alendo amapitako pa maboti, nakwera mpaka pamwamba pamene nthunzi yonunkha sulufule imatuluka m'ming'alu. Kumpoto chakum'mawa, pansi pa nyanja, kuli phiri lina la moto lotchedwa Kolumbo, limene mu 1650 lidapha anthu pafupifupi 70 ndi mpweya wake woipa. Pa 9 Julayi 1956 chivomezi chachikulu chidapha anthu 53 ndi kugwetsa nyumba zoposa 500, ndipo mabanja ambiri adasamukira ku Athens. Posachedwapa, mu Januwale ndi Febuluwale 2025, nthaka idagwedezeka kambirimbiri pakati pa Santorini ndi chilumba cha Amorgos. Sukulu zidatsekedwa, boma lidalengeza kuti chilumbachi chili pangozi, ndipo anthu oposa 10,000 adachoka pa sitima ndi pa ndege. Palibe adafa, ndipo zivomezizo zitachepa anthu adabwerera. Adachita monga momwe adachitira anzawo a ku Akrotiri: adayamba apulumutsa moyo, katundu pambuyo.

Komabe, omvera athu, chimene chikuopseza minda ya mphesa lero si moto wa pansi pa nthaka. Chivomezi cha 1956 chitapita, chilumbachi chidali chosauka, ndipo ntchito yolandira alendo ndiyo idachidzutsa. Lero alendo amaposa mamiliyoni atatu pa chaka, pa chilumba cha anthu 15,000. Madzulo ku mudzi wa Oia anthu amadzazana m'tinjira topapatiza kudikira kulowa kwa dzuwa, mpaka mwini mudzi kusowa podutsa popita kwake. Mwini munda akawerengera amaona kuti hotela kapena nyumba zogona alendo zimabweretsa ndalama zambiri kuposa mphesa, ndipo mwana wake sakhumbira kugwada m'phulusa pamene ku hotela kuli ntchito ya pamthunzi. Motero minda yakhala ikuchepa, ndipo yotsala ndi mahekitala ongopitirira 1,000. Pamwamba pa izo, chilala ndi kutentha kwa zaka za 2023 ndi 2024 zidachepetsa zokolola kwambiri. Madzi nawo ndi nkhani. Makolo ankasunga madzi a mvula m'zitsime zomanga pansi pa nyumba, koma lero madzi ambiri amachokera ku makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, ndipo mahotela ndi maiwe awo osambiramo amamwa ochuluka.

Akuluakulu a boma ayamba kuchitapo kanthu. Kuyambira mu 2025 alendo otsika m'sitima zikuluzikulu zoyendera maiko saloledwa kupitirira 8,000 pa tsiku, ndipo aliyense wa iwo amalipira msonkho wa ma euro 20 m'miyezi ya chilimwe. Ngakhale abulu amene amakweza anthu pa makwerero oposa 580 ochokera ku doko lakale kufika ku Fira adaganiziridwa: mu 2018 boma lidalamula kuti asasenze katundu woposa makilogalamu 100. Wofuna kuwapumuza akhoza kukwera ngolo zoyenda pa chingwe zimene zidayamba ntchito mu 1982.

Nanga amene mwayi ungamugwere wopita kumeneko achite chiyani? Apite m'miyezi ya Epulo, Meyi kapena Okutobala, pamene dzuwa lili lofatsa ndipo anthu ali ochepa. Ayambe ndi Akrotiri m'mawa, kenaka akaone zithunzi zija ku Fira, kuti pofika ku gombe adziwe chimene akupondapo. Asalowe m'munda wa mphesa popanda chilolezo, pakuti chimene chikuoneka ngati chitsamba chouma chingakhale mpesa wakale kuposa agogo a agogo ake. Asakwere pa madenga a nyumba ndi a matchalitchi pofuna kujambula zithunzi, chifukwa pansi pa madengawo pali anthu. Madzi awagwiritse ntchito mosamala, ndipo zikwangwani zochenjeza azimvere.

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Santorini mame ndiwo amasunga mpesa m'miyezi yopanda mvula; amabwera usiku mwakachetechete, nasiya chinyezi, m'mawa n'kuchoka osathyola kanthu. Eni chilumbachi sakupempha china kwa alendo awo koma chomwecho. Phiri lidasunga mzinda wa Akrotiri zaka 3,500, lidapereka mchenga wa magombe, ndiponso lidateteza mizu ya mpesa ku mliri umene udagonjetsa Ulaya yense. Ngati minda imeneyi idzatha, sadzaimbidwa mlandu ndi moto, koma anthu.